Mmene Khutu Anachotsedwera Ntchito

Ayi dikirani kaye, musandidule, za malikisi ake a Khutu ndinena kumapeto kkkk. Muyambe mwamva za tsiku la benchi.

Amene simukumudziwa, Khutu ndi mnzanga wa desiki imodzi. Dzinalo si la pa setifiketi ayi. Mayi ake ndi bambo ake onse awiri samva, amalankhula ndi manja, ndiye kulikonse kofunika kumvetsera ankatenga iyeyu. Kumsonkhano, kushopu, kuchipatala. Tinangomutcha Khutu, nayenso n'kumavomera.

Vuto linali kamng'ono kake, kamtsikana ka zaka ziwiri, kamene kamabanika pachifuwa. Kachipatala ka kwawo ndi kaja koti umapereka kabuku pa windo, n'kukhala pa benchi, kenako anesi amaitana dzina ali m'kati. Ndi pakamwa basi. Ndiye mwana akangoyamba kubanika, Khutu sukulu yajombedwa. Teremu imodzi anajomba masiku 14. Ahedi anachita kumuuza kuti akadzajombanso, abwereza kalasi.

Tsiku la benchi linali la mayeso a masamu. Mwana wadzuka akupuma ngati wezulo. Khutu wavula kale yunifolomu. Mayi ake anamuvekanso okha, mabatani onse mpaka la pakhosi, n'kumulozera chitseko. Pita.

Kuchipatala anapita okha ndi mwana. Kabuku anapereka 7 koloko. Anakhala pa benchi maso ali pa chitseko, osaphethira. Anthu akulowa, akutuluka. Dzina lawo linaitanidwa katatu, iwo ali pomwepo. Anayesa kulowa, wina n'kuwabweza, pakamwa pake pakungoyenda, iwo osadziwa kuti akuti chani. Analemba pa kapepala kuti SINDIMVA. Kapepala kanalowa m'kati osabwerako.

Khutu ataweruka anathamangira komweko. 3 koloko, benchi yonse ili mbee, mayi ake okha, mwana ali lefuu pamiyendo. Anamuthandiza mwanayo, anachira, musadandaule. Koma anesi anafunsa kuti, "Nanga mmene timaitana muja munali kuti?"

Ndipo amene anayenera kuwamasulira mayi ake funso limenelo ndi iye Khutu. Ndi manja ake. Akuti manja sanamulemerepo chonchija.

Ali m'njira anawauza kuti, "Amayi, bola ndingosiya sukulu, ndizikuperekezani."

Mayi ake anaima pamsewu pomwepo, n'kumupatsira mwana kuti manja apeze mpata. "Ine ndinabereka mwana. Sindinabereke khutu."



Tsopano bambo ake. Aaa bambo aja ndimawakonda! Ndi akalipentala, ndipo akamaseka sadzimva, ndiye galu wa aneba amathawira kuseri kkkk. Akafuna kumuitana Khutu ali kuchipinda amaponda pansi ndi chidendene, akapanda kutuluka amamugenda ndi sokosi. Iwowa sanakalipe. Analowa mushedi, n'kutola tizidutswa ta matabwa totsala, n'kucheka timatabwa 40, lililonse nambala yake ya penti yofiira. Anapanganso bolodi la misomali. Nzeru yake yosavuta, ukapereka kabuku akupatse kathabwa, nthawi yako ikakwana anesi akoleke nambala yofanana ndi yako pa bolodi lija, panja pa chitseko. Waona, walowa.

Anamanga bolodi pa njinga, ulendo. Wa pa windo anati akuluakulu kulibe. Ulendo wachiwiri anati lembani kalata. Analemba. Wachitatu anati kalata yasowa. Wachinayi anati komiti idzakambirana. Khutu amati bolodi lija linafika poidziwa njira, ukanalisiya pamsewu likanakafika lokha kkkk.

Pa miyezi imeneyo mwana anabanika kawiri, ndipo kawiri konse mayi ake anakana kuti Khutu ajombe. Ankapita ndi bambo, wina kuyang'ana chitseko, wina kuyang'ana milomo ya anthu.

Kenako mayi aja anayamba kufufuza makolo anzawo osamva. Ankakumana Loweruka mushedi muja, atakhala pa matabwa, utuchi uli m'mapazi. Anakwana 11, ndipo aliyense anali ndi benchi yake yoti afotokoze. Ndinapitako kamodzi. Anzanga, mkangano wadzaoneni koma uli zii! Manja ali yakaliyakali, amayi ena atelala akumenya tebulo, ine mutu ukungozungulira ngati nkhuku. Anagwirizananso kuti wina akamapita kuchipatala azipita ndi mnzake, ana a sukulu asiyidwe.

Tsiku la komiti linafika. Khutu anapempha kuti akamasulire, mayi ake anangomulozera chikwama cha mabuku. Anatenga aphunzitsi ena odziwa chinenero chamanja, koma anawauza kuti poyamba apinde manja, asanene kanthu. Zonsezi anatisewerera bambo ake madzulo, katatu, mpaka kutsanzira nkhope.

Akuti mkulu wa chipatala wakhala kutsogolo ndi komiti yake, anesi aja ali pambali. Asanatsegule n'komwe pakamwa, makolo anayamba msonkhano wawo. Ndi manja. Akugwedeza mitu, akuseka, akukweza manja kuvota. Bambo a Khutu akuyang'ana mkulu uja, n'kupanga chizindikiro, n'kudikira. Kachiwiri. Kachitatu.

Mkulu uja amvekere, "Kodi akuti chani? Akunena ine?" Aphunzitsi manja ali pachifuwa.

"Aphunzitsi, tamasulirani! Sitinabwere kudzaonerera ife!"

Makolo akungopitiriza msonkhano wawo.

Pamene mkulu uja amamenya tebulo, mayi a Khutu anamukankhira kapepala. Analembapo kuti, "Takuitanani katatu. Munali kuti?" Pansi pake, "Inu mphindi zisanu. Mwana wanga maola 8."

Akuti mkulu uja anawerenga, n'kuvula magalasi, n'kuwerenganso. Anesi aja anayang'ana pansi, kenako anadzuka n'kukagwira dzanja la mayi aja ndi manja awiri. Mkulu uja anatembenukira kwa aphunzitsi n'kuti, "Afunseni bambowa ngati abwera ndi hamala."

Anali nayo m'thumba!!! Kuyambira ulendo woyamba kkkkk.

Bolodi linakhomedwa tsiku lomwelo. Pano Lachinayi lililonse kumabwera womasulira, ndipo kamwedwe ka mankhwala amachita kukulembera. Makolo aja sanasiyenso, akuti ulendo uno akufuna womasulira pa msonkhano wa makolo kusukulu kwathu, ahedi akonzeke. Koma chondiseketsa, amene akukonda timatabwa kuposa onse ndi madala aja amakana kuti makutu anayamba kutha. Amagwira kathabwa ngati laisensi. Za "ndinabwera poyamba ndine" zinatheratu.

Nanga Khutu? Teremu yonse sanajombe ngakhale tsiku limodzi. Kalasi sakubwereza. Masamu 71, ine 48, koma zimenezo si za gulu.

Ndiye iwe amene wakhala pa benchi yako kaya ya mtundu wanji, akubweza kanayi, kalata yako anataya, usataye mtima. Peza anzako a benchi imodzi, mupite limodzi kachisanu. Ndipo hamala izikhala m'thumba.

Ndisanaponye izi ndinamutumizira mwiniwake kuti aone. Yankho lake ndi ili, sindinasinthe kanthu:

"Iwe mlomo ngati wailesi, za sokosi unayenera kunena?? kkkk. Ndawaonetsa adadi, akuti walakwitsa, timatabwa ndi 42 osati 40. Amayi akuti ubwere Loweruka adzakuphunzitse manja, mwina pakamwa pangapumeko. Koma dzina lija mufufute nonse. Ntchito ya ukhutu anandichotsa, pano ndine mwana basi."