Kalembera wa Agogo Moira

Fungo la tositi yopserera likangondipeza, ndimaona katani ya Agogo Moira ikugwedera. Anali aneba athu m'tauni ya Tipton, kudziko la azungu, khoma limodzi, ndipo chipumireni ntchito ya kufakitale, ntchito yawo inali kutiwerenga. Masiku amenewo manesi ongobwera kumene kuchokera kumudzi ankafikira kwathu, poti amayi, amenenso anali nesi, sankadziwa kukana munthu. Wina ankagona pa sofa, awiri pansi, ife ana pabedi limodzi mopingasa. Chitseko chathu chikangolira, katani ija inkasuzumira, utsi wa ndudu n'kumatulukira pawindo.

"Dzulo munalipo naini," ankatero pampanda. "Nyumbayi ndi ya anthu anayi. Lolemba ndimuimbira landilodi."

Amayi ankamwetulira, koma akalowa m'nyumba ankagwira njakata. "Akatiripota amenewa tikagona panja, m'mbali mwa ngalande," ankanong'ona. Ine agogowo ndinkawaopa, ndinkadana nawo ndithu.

China chomwe ankanyadira chinali mtundu wawo. Anabadwira ku Tipton komweko, koma pakhoma anapachika chithunzi cha nyumba yachifumu ya ku Scotland, n'kumalumbira kuti makolo awo ankadyera m'menemo. Pofuna kutseka pakamwa anzawo a kutchalitchi, anaitanitsa pepala la kalembera wakale wa boma, lolembedwa pamanja agogo awo ali khanda. Litafika, zilembo zake zinawakanika. Loweruka lina anagogoda kwathu, pepala m'manja, mphuno m'mwamba.

"Inu mumawerenga zolemba za madokotala. Tawerengani ichi."

Amayi anapukuta m'manja, n'kukhala pakati pa alendo athu onse, n'kuyamba mokweza ngati akuwerenga mawu paguwa. Mwini nyumba, wokumba malasha. Mkazi wake, wochapa zovala za eni. Ana asanu ndi awiri. Apongozi.

"Nanga antchito?" anafunsa agogo.

"Antchito palibe. Pali alendo awiri ogona momwemo." Amayi anawerengera pa zala. "Onse thwelofu. Zipinda zokhala ndi windo, chimodzi."

Anti Esnati, amene ankagona pa sofa, analephera kupirira. "Aaa, ndiye ife tili pa hotela bwanji!" Amayi anawatsina pantchafu, ngakhale agogo sankamva Chichewa.

Nkhope ya Agogo Moira inafiira ngati phwetekere. Ndinaganiza kuti basi, landilodi aimbiridwa lero lomwe. Koma iwo anaika chala pa dzina la khanda.

"Awa ndiwo agogo anga. Ankagona pati?"

"Pomwe papezeka mpata," anayankha amayi mofatsa. "Ana amagona kumiyendo."

Lolemba foni sinaimbidwe. Lachiwiri agogo anagogodanso. "Ndili ndi chipinda chongokhala. Ndipatseni awiri, koma osaliza mkonono." Amayi anawapatsa awiri, mmodzi wa iwo Anti Esnati, omwe mkonono wawo unkadutsa khoma, ndipo agogo anadandaula zaka ziwiri osawathamangitsa. Chithunzi chachifumu chija sanachitsitse, anangomata pepala lija m'munsi mwake. Kuwerenga nakonso sanasiye. "Lero ndaonapo sikisi. Winayo ali kuti? Wadya?"

Atamwalira ndinalira kuposa momwe ndinkayembekezera, ndipo pepalalo anasiyira ine. Lero lili pakhoma m'kanyumba kanga ka chipinda chimodzi ku Oldbury. Pa sofa pakugona mtsikana wa payunivesite wochokera ku Dedza amene ndinalephera kumukana. Katani ya aneba ikagwedera, ndimangowakwezera zala ziwiri kuti asavutike kuwerenga.