Tsiku Limene Ndinakaniza Amalume Mpeni

Kompyutayo inafika kwathu pa njinga, itakulungidwa m'chitenje. Amalume, amene ndinkakhala nawo ku Nkopola chimwalirireni bambo, ankayendetsa boti la alendo pa loji ina, ndipo anachita kuipempha atamva kuti palojipo akuitaya. Anandiuza kuti pakutha pa mwezi abwana a palojipo adzayesa achinyamata kulemba pa kompyuta, kuti apeze wolandira alendo.

"Ukakalephera," anatero, "ulowa m'bwato la usipa ngati anzako onse."

Kusukulu ya kumudzi kwathu, kompyuta tinkangoiona yojambulidwa ndi choko. Ndiye ndinkaigwira mwaulemu, nditasamba m'manja. Koma patangotha masiku anayi inayamba kulira kuti kwe, kwe, kenako zii. Aphunzitsi ena a kutchalitchi kwathu anaimvetsera, nati yafa hadi disiki, mosungira zonse muja. Anandipatsa ina yatsopano imene sankaigwiritsa ntchito.

Ndinatsegula bokosi la kompyutayo pamphasa. Disiki yakale inkalumikizidwa ku bolodi lalikulu la m'kati mwa kompyuta ndi lamba wotuwa, wotambalala ngati zala zitatu. Yatsopanoyo inali ndi kakamwa kakang'ono. Ndinatembenuza uku ndi uku, osalowa.

Amalume anandipeza ndili chomwecho. Iwo injini ya boti amaikonza ndi chidutswa cha tayala ndi waya, ndipo kwa iwo chinthu chikakana kulowa, chimasemedwa. Anatulutsa mpeni wawo wotumbulira nsomba.

"Tasuntha, mphwanga. Tingomuchepetsa lambayu, alowa."

Chibadwire ndinali ndisanawakanepo. Akati pita ndinkapita, akati khala ndinkakhala. Koma lambayo ndinali nditamuyang'anitsitsa: mzere uliwonse unali ndi waya wake.

"Ayi, amalume."

"Wati chiyani?"

Ndinaphimba lambayo ndi dzanja.

"Ndati ayi. Mukadula pamenepa mwapha zonse."

"Taonani! Masiku anayi okha, wasanduka injiniya. Anabweretsa chinthuchi ndani?"

"Ndinu. Koma simudula."

Anapukuta mpeniwo pa kabudula ngakhale unali wouma. "Sabata ino ikatha chisanayake, ndikakupezera malo m'bwato."

M'mawa mwake ndinakwera minibasi ya ku Mangochi, disiki yatsopano ndi lamba zili m'thumba la shuga. Pafupi ndi msika panali bambo wina wokonza mafoni ndi makompyuta, wovala chisoti choyera. Atangoona lambayo anaseka, naitana anzake.

"Bwerani mudzaone za makolo! Achimwene, bolodi lanulo ndi nkhalamba, disikiyi ndi namwali. Ukwati umenewu sungatheke. Katayeni."

Onse anaseka. Nthawi zonse anthu akandiseka ndinkathokoza n'kuchoka. Tsiku limenelo ndinatulutsa pepala limene ndinajambulapo kamwa zonse ziwiri, mabowo onse nditawawerenga.

"Pepani bambo, sindinabwere kudzataya. Payenera kukhala kanthu kolowa pakati."

"Kanaliko kale. Panopa kulibe."

"Ndidikira."

Ndinakhala pabenchi. Anthu anabwera ndi mafoni awo, napita. Masana bamboyo anatseka kabati n'kupita ku mzikiti. Pobwera anandipeza pomwepo, thumba lili pamwendo.

"Wallahi, iwe ndiwe wamakani. Kwanu n'kuti?"

"Ku Nkopola."

Anapukusa mutu, nakoka katoni yafumbi pansi pa tebulo. Anafufuza muzingwe akung'ung'udza m'Chiyao, mpaka anatulutsa kabolodi kobiriwira, kotalika ngati chala. Mbali ina kanali ndi mano ambiri a lamba wakale, mbali inayo kakamwa ka disiki yatsopano.

"Adaputa. Usakakamize polowetsa. Kakakana, usabwerenso kuno."

Sikanakane. Aphunzitsi aja atabwera kudzaikamo mapulogalamu, anapeza kuti bolodi lakalelo likuona gawo chabe la disikiyo, kwinako silikukudziwa.

"Ndiye ikuona theka basi?" anafunsa amalume ali pakhomo.

"Thekalo ndilokwanira," ndinayankha osatembenuka.

Ndinaphunzira ndi zala ziwiri, kukopera buku la nyimbo tsamba ndi tsamba. Tsiku loyesedwa tinalipo asanu, ndipo anatipatsa kalata yoti tikopere. Ena anamaliza ine ndisanafike pakati. Ndinapitiriza pang'onopang'ono, abwana akuyang'ana wotchi, ndipo sindinadzuke mpaka dontho lomaliza. Kalata yanga yokha ndi imene inalibe cholakwika. Anandiuza kuti ndiyambe Lolemba.

Patapita masiku ndinapeza amalume padoko akuuza asodzi anzawo kuti kompyutayo anaikonza ndi iwo. Asodziwo ankagwedeza mitu. Ndikanatha kungodutsa.

"Ayi, amalume," ndinatero anthu onse akumva. "Inu munabwera ndi mpeni."