Esinati anabisa mimba

Mwaswera bwanji nonse. Ndikulemba ndili kuchipatala cha mishoni, zinthu sizili bwino.

Mng'ono wanga Esinati wagwa lero m'mawa akukumba mtedza ku Nsaru, atagwira pamimba. Tathamanga naye pa njinga yamoto. Anamwino atafunsa ngati ali woyembekezera, alamu ayankha kuti ayi. Esinati, maso ali chitsinzinire, wangonong'ona kuti, "Miyezi iwiri."

Ngakhale mwamuna wake samadziwa! Esinati atapita padera chaka chatha, anthu anamuuza kuti anaulula mimbayo msanga, oipa mtima n'kumva. Ndiye mimba iyi anaibisa, kusikelo osapita.

Atamuunika pa sikani apeza kuti mwana anakhala m'njira, kunja kwa chiberekero, ndipo njirayo yaphulika. Amuchita opaleshoni, amuthira magazi. Iye wapulumuka, mimba yapita. Adokotala akuti mwanayo sakanakula, koma akanaunikitsa msanga akanaliona vutoli asanataye magazi chonchi.

Esinati atatsitsimuka wandigwira dzanja, akuti, "Asisi, komatu ulendo uno sindinauze munthu."

Ndalira, abale.

Chitsiriza wathu Tamala nayenso ali ndi pakati, ndipo ndanena dala pagulu la achibale lino. Azakhali, inu mukuti bwanji? Kodi tizibisabe, kapena ndimuperekeze akaunikitse mawa?