Kalata ya a neba inagona kwanga masiku anayi

Tsiku limene bwana wa ku Lusaka anabwera ku fakitale kudzatiuza za liberalisation, ndinaomba m'manja ndekha. Holo yonse inali zii, ine kumbuyo phwa phwa phwa, mpaka mnzanga anandikoka ovolosi kuti ndikhale pansi. Ndinali nditamva liber m'kati mwa mawu aja, ndipo m'kope langa la mizu ya mawu liber anali mfulu. Ndinayesa munthuyo wabwera kudzatimasula.

Kope limenelo ndinaliyamba kalekale. Sukulu sindinapite nayo patali, koma bambo anga, amene anabwera ku Kafue ndi ntchito ya njanji, anandisiyira buku lakale la Misa, tsamba lino Chilatini, linalo Chizungu. Powerenga ndinaona kuti mawu aatali a Chizungu ali ngati nyumba za m'komboni mwathu, maziko amodzi, kusiyana utoto chabe. Port ndi kunyamula, ndiye transport, export ndi porter wa pasiteshoni onse ndi ana a mayi mmodzi. Ndikagwira muzu watsopano ndinkayenda ngati ndapha njovu. Mkazi wanga ankati iye ndi wachiwiri, wamkulu ndi kope.

Kenaka makalata ochotsa anthu ntchito anayamba kutuluka. Mpaka lero ndikawakumbukira mtima umatentha. Mabwana omwewo amene makina akafa ankatikalipira m'Chinyanja chomveka bwino, pofuna kutichotsa anasankha Chizungu choti ngakhale iwo eni ankachita kuchitafuna. Anthu anayamba kundibweretsera makalata awo, ndipo sindinama, ndinkakondwera.

A neba anga, mkulu wokonza makina amene maso anali atayamba kuchita chifunga, anabwera ndi yawo Lachiwiri madzulo atachoka ku ntchito. Ntchito anali ataitaya kale mumtima. Nkhawa yawo inali nyumba, chifukwa inali ya kampani ndipo ana awo onse anabadwira momwemo. Anandifunsa ngati kalatayo ikuwatulutsa kapena ikuwasiya. Ndinati aisiye, ndiikumbe bwinobwino.

Ndinaikumbadi. Terminate ndinampeza kwa terminus, malire. Tenant anachokera kwa tenere, kugwira. Vacate ndi kusiya malo opanda kanthu. Liwu lililonse lalitali ndinalilemba mzere kunsi, ndi kulitsata mpaka kwa makolo ake. Limodzi linandikanika, ndinapita nalo ku parishi kawiri, koma wansembe ndinapeza atachoka. A neba akasuzumira pampanda ndinkati apirire, ntchito yabwino sifuna liwiro.

Loweruka m'mawa ndinapita kwawo ndi masamba awiri a matanthauzo. Anandipatsa mpando, amayi a m'nyumba anasiya kuchapa. Ndinawerenga mokweza, kufotokoza muzu ndi muzu, mpaka ndinafika pansi penipeni, kunsi kwa chidindo, pamene masiku onsewo maso anga ankangodumpha. Panali kamzere ka mawu aafupi, opanda Chilatini ngakhale pang'ono. Kanati wofuna kukhalabe m'nyumba ndi kulembedwa pa mndandanda wa ogula nyumba za kampani asaine ndi kubweza kalatayo pofika Lachisanu masana.

Lolemba tinalawirira ku ofesi. Kalaliki wake anali munthu wa mpingo wathu, woimba naye kwaya. Anatiuza kuti mndandanda wapita kale ku Lusaka ndipo palibe chimene angachite. Ananena m'Chinyanja chosalala. Ndinamufunsa kuti Chinyanja chimenecho chinali kuti tsiku limene ankagawa makalata, kodi kunena kuti akulu, mubweze Lachisanu, kukanamuthyola lilime? Anati iye anauzidwa kugawa chabe. Ndinakalipa mpaka mlonda anandigwira mkono. A neba anatitsatira kutuluka, chipewa chili m'manja.

Mlandu wanga ndimauvomera. Ndinasewera ndi kalata ya munthu ngati mwana ndi chidole. Koma amene analemba tsiku lija kunsi kwa chidindo, m'tizilembo tonga nyerere, ankawadziwa bwino anthu amene ankawalembera. Anagwira nawo ntchito zaka ndi zaka, ankadziwa amene amawerenga ndi amene amangodinda chala.

Patapita miyezi iwiri lole inaima pakhomo pa a neba. Ankapita ku Chanyanya kwa achibale a akazi awo, kukayesa malonda a nsomba pa ukalamba. Ndinapita kukathandiza kunyamula, nkhope ili pansi, ndikuyembekeza kuti anditukwane kuti mwina mtima ungapepuke. Tinatulutsa mipando ndi mbaula. Titafika pa bedi anaima, nandiyang'ana.

“Ba neba, Chizungu muchiziba, sinikana. Manje kalata ya munthu wina ikabwela, muziyambila pansi, pamene pali siku. Gwilani uko, tikweze.”