Kalata Imene Inapita ndi Madzi

Nyumba ya kuseri inakhala miyezi itatu yopanda munthu. Pa Chinakanaka nyumba ya malata, ya mpopi pabwalo, siisowa ogogoda. Wovuta ndinali ine.

Amuna anga atadwala sitiroko, Chichewa chinawathawa mkamwa. Chinatsala ndi Chilomwe cha ubwana wawo, chimene ine ndimangotolako apa ndi apo. Amakhala pakhonde tsiku lonse. Ndikapita kumsika kapena kumvano, wokhala kuseriko ndiye amene angawamve akagwa. Choncho ndinaika lamulo: wofuna nyumba abwere ndi kalata ya kumpingo kwake.

Lachiwiri lina kunabwera mayi wothyola tiyi, wochokera ku Milonde. Asanandiyang'ane n'komwe, anagwada pakhonde n'kupereka moni kwa abambowo. Atamva mmene ayankhira, anatembenukira ku Chilomwe. Abambo anaseka, malovu n'kutsikira pachibwano. Iye anawapukuta ndi nsonga ya chitenje chake, osaleka nkhani.

Ndinamuitanira pambali. "Kalata ya mpingo muli nayo?"

"Inapita ndi madzi, mayi, pamodzi ndi nyumba. Kaya akuiwerenga ku Mozambiki."

"Ndiye ndikudziwani bwanji?"

"Inu nkhuku mumagula ndi kalata? Simungoinyamula n'kuimva kulemera?"

Sindinaseke. Ndinati lamulo ndi lamulo, iye n'kupita.

Mawa lake kunafika mphunzitsi, kalata ya chidindo ili m'manja. Munthu waulemu ndithu, woimba kwaya. Koma abambowo pakhonde anawadutsa ngati akulambalala mpando. Tinapangana kuti adzatenge kiyi Loweruka.

Kuyambira pamenepo sindinakhazikike. Bwalo ndinasesa kawiri, ndiwo ndinathira mchere kawiri. Ndikagwada, pemphero limangogunda malata n'kubwerera. Ndikatsegula Mawu a Mulungu, ndimapezana ndi mneneri uja anapita kukadzoza mfumu, nakopeka ndi msinkhu wa mwana wamkulu, pamene wosankhidwayo anali kubusa. Ndinkadziteteza kuti Ambuye, kusamala si tchimo, mwatiuza nokha kuti tichenjere. Koma geti ikalira, abambo ankatukula mutu, n'kuugwetsanso ataona kuti ndi ine.

Lachisanu m'mawa ndinapita kusukulu kukapepesa kwa mphunzitsi uja. Anakwiya, ndipo anali ndi chifukwa, ndinaswa pangano. Kenaka ndinakwera minibasi ya ku Milonde, kiyi nditamanga pachitenje, dzina la mayiyo osalidziwa. Ndinafunsa pamsika, pachigayo, pamjigo. Dzuwa litapendeka ndinamupeza akuchapa kuseri kwa nyumba ya mlamu wake, kumene ankagona kukhitchini ndi ana awiri.

"Kalata sinabwerebe, mayi," anatero, manja ali m'beseni.

Mfundo ya pachitenje inandikanika kumasula. Anapukuta manja n'kumasula yekha.

"Abambo aja adya?" anafunsa. "Paja anandiuza kuti phala lanu limakhala lamadzi."