Alendo Osowa Pokhala M'chifuwa Mwanga

Senderani kuno, adzukulu anga, ndikuuzeni zomwe ndalota zisanandithawe.

Ndikusesa pabwalo, ndavala bulauzi yoyera ya kutchalitchi. Ndikumva, "Odi!" Ndikuyang'ana kunjira, kulibe munthu. Nachisale, mnzanga wa kukwaya, akudutsa atasenza ndowa, akuseka. "Inu achemwali, makutuwo ndi a chiyani? Akuodiratu m'chifuwa mwanumo!"

Ndikutsegula chifuwa ngati chitseko cha bango, ndikulowa. Muli chipinda. Nyimbo zanga zayanikidwa pamphasa ngati mfutso, nkhuku zikujompha. Pakati paima Ambuye Yesu, mapazi ali fumbi lokhalokha. Mpando ulimo umodzi, ndipo wakhalapoyo ndi ine ndemwe, wonenepa, akutafuna nzimbe.

Mukudziwa inu, mlendo sapatsidwa moni ali chiimire. Ndiye ndikulephera kuwapatsa moni.

"Iwe, dzuka, akhale alendowa," ndikumuuza ine wapampandoyo.

"Aa, ndidzuke ine? Nanga nyumba ino ayendetsa ndani?"

Ndikumukoka dzanja, akulemera ngati mtondo wonyowa. Ambuye akuyang'ana kukhomo. Ndikuchita mantha, poti akatuluka sindikudziwa kokawaitana.

"Musapite, Ambuye."

"Sindikupita, mayi. Koma miyendo yatopa."

Nachisale wapitirira kumjigo, ndowa yake ikudontha mchenga. Nkhuku zakhuta, zatuluka zikuimba korasi. Wapampando uja wasendera pang'ono, wasiya malo okwana chikhatho, nzimbe osaileka. Ambuye ndawasiya ali chiimire, akuyang'ana kamaloko.

Ndadzuka ndi manyazi, ana inu, ngati munthu wogoneka mlendo ndi njala.