Mpando wa Wodwala

Fungo la masamba a bulugama amene ndikuwiritsira bambo anga m'mawa uno landibwezera ku Kachebere, ndili kamtsikana ka sitandade 2.

Bambo anali mphunzitsi, ndipo anawapatsa mbali ya munthu wodzidwalitsa m'sewero loseketsa la kutchalitchi. Tsiku lina akuyeserera, ndinamva wansembe akuwauza kuti, "Aphunzitsi, amene analemba seweroli, wa ku France uja, ankasewera yekha mbali yanuyi. Anatsokomola magazi anthu akuseka, tsiku lomwelo n'kumwalira."

Bambo anangopukusa mutu. Ine chakudya chinasiya kulowa. Ndinkaganiza kuti imfayo imakhala mumpando wa wodwalayo, kudikira aliyense wokhalapo.

Tsiku la sewero anawapaka ufa kumaso n'kuwafunditsa bulangete lonunkha bulugama. Atayamba kutsokomola, anthu onse m'holomo anafa nalo phwete. Bambo atagwetsa mutu n'kutseka maso, ndinadumpha mabenchi, kukwera pasiteji, n'kuyamba kuwakoka mwendo.

"Ababa, chokanipo pampandopo! Mufa ngati mzungu uja!"

Anatsegula diso limodzi. "Iwe Nabanda, tsika. Ndikungonamizira," ananong'ona. Anthu anaomba m'manja, poganiza kuti nanenso ndili m'seweromo.

Lero bambo akhala pakhonde, afunda bulangete dzuwa likuswa mtengo. Akatsokomola amandiyang'ana ndi diso limodzi ngati tsiku lija, amvekere, "Usadandaule mwanawe, palibe chikundipweteka."

Anali katswiri wa zisudzo bambo anga, koma sewero ili lokha likuwakanika.